Moto ukazima, a inshuwalansi amafunsa kabuku

Sitolo ikapsa, munthu woyamba amene kampani ya inshuwalansi imatumiza sabwera ndi cheke m'manja. Amabwera wodzayeza kukula kwa chiwonongeko, ndipo akapepesa mwachidule amafunsa mafunso atatu: katundu analipo wochuluka bwanji, munamugula pa mtengo wanji, ndipo umboni wake uli kuti. Eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amagwera pa funso lachitatuli. Katundu analipodi ndipo aliyense amamuona, koma malisiti anali m'katoni pansi pa kauntala ndipo apsera limodzi ndi zonse. Chotsala ndi mawu a pakamwa, omwe ku ofesi ya inshuwalansi salemera kanthu.

N'chifukwa chake malangizo a kasamalidwe ka ndalama ndi malangizo a inshuwalansi sangalekanitsidwe. Zonse zimayambira pa kabuku kolembamo ndalama ndi katundu wa bizinesi. Manambala amene ndigwiritse ntchito m'munsimu ndi ongochitira chitsanzo, ndipo mukhoza kuwawerenga m'ndalama ya dziko lililonse.

Matumba awiri

Bizinesi ya munthu mmodzi imadwala kwambiri matenda a thumba limodzi. Ndalama ya kasitomala, ya fizi ya mwana, ya lendi ya sitolo ndi yothandizira m'bale zonse zimalowa ndi kutuluka pamalo amodzi, ndiye pakutha pa mwezi palibe angadziwe ngati bizinesi yapindula kapena ikudya mpamba wake. Mankhwala ake ndi kutsegula akaunti ina, ya ku banki kapena ya pa foni, yoti muzingodutsa ndalama ya bizinesi basi. Kenako mudziikire malipiro: ndalama yokhazikika, pa tsiku lokhazikika, yochoka ku akaunti ya bizinesi kupita ku yanu. Ikatha mwezi usanathe, yatha. Katundu amene mwatenga pa shelefu kukagwiritsa ntchito kunyumba alembedwe ngati wagulitsidwa kwa inu, apo ayi pa tsiku lowerenga katundu mudzanamizira wantchito kuti akuba.

Kabukuko sikafuna digiri. Mizere isanu ndi yokwanira: tsiku, chimene chachitika, ndalama yolowa, ndalama yotuluka, ndi dzina la amene watenga pa ngongole. Njira yolemba chilichonse mbali ziwiri, kumene chachokera ndi kumene chapita, ndi yakalekale. Luca Pacioli anaifotokoza mosindikiza ku Venice mu 1494, ndipo amalonda a kumeneko anali akuigwiritsa kale ntchito. Chimene anthu amaiwala masiku ano ndi malo osungira. Kabuku kamene kamagona m'sitolo kamapsa pamodzi ndi sitolo. Jambulani tsamba lililonse ndi lisiti iliyonse yoodera katundu, ndipo zithunzizo muzizitumiza ku imelo yanu mlungu uliwonse kuti zikhale pamalo oti ngakhale foni itabedwa mudzazipeza. Kamodzi pa mwezi werengani katundu yense amene alipo, mulembe kuchuluka kwake ndi mtengo woodera, musainire, mujambulenso.

Kabuku kakayamba kuyenda, kamaulula zinthu zina zosakoma. Choyamba ndi phindu lenileni. Mukaoda chinthu pa 800 n'kuchigulitsa pa 1,000, mwaonjezera 25 peresenti pa mtengo woodera, koma pa ndalama imene kasitomala wakupatsani phindu lanu ndi 20 peresenti yokha. Kusiyanaku kumaluma pa tsiku lotsitsa mitengo. Wamalonda woganiza kuti ali ndi 25 peresenti amachotsera kasitomala 20 peresenti n'kumati watsalako ndi 5, chonsecho 1,000 kuchotsa 200 ndi 800, mtengo womwe uja anaodera. Wagwira ntchito yaulere, ndipo thiransipoti walipira yekha.

Chachiwiri ndi malire amene muyenera kudutsa musanayambe kunena za phindu. Phatikizani zonse zimene mumalipira kaya mwagulitsa kaya ayi: lendi, malipiro a antchito, malipiro anu, magetsi, laisensi, inshuwalansi. Tinene kuti zikukwana 300,000 pa mwezi. Ngati pa 100 iliyonse yogulitsa mumatsala ndi 20, muyenera kugulitsa katundu wa 1,500,000 pa mwezi kuti mungofika pa ziro. Pa masiku 26 otsegula, ndiye pafupifupi 57,700 tsiku lililonse. Nambala imeneyi ndi yofunika kuidziwa pamtima kuposa nambala ina iliyonse ya bizinesi yanu.

M'ndalama zokhazikikazo muikemonso kutha kwa zipangizo. Makina a 1,200,000 amene angagwire ntchito zaka 5 akutha ndi 20,000 mwezi uliwonse, ngakhale palibe amakutumizirani bilu yake. Amene saika padera ndalama imeneyi amadzakongola kuti agule makina ena. Msonkho nawo chimodzimodzi: gawo lake lipatulidwe tsiku lomwe ndalama yalowa, chifukwa ikagona mu akaunti imaoneka ngati yanu.

Za ngongole zopereka kwa makasitomala ndingonena mwachidule. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Katundu amene watuluka koma sanalipiridwe amalembedwa ngati malonda, koma lendi sangalipire. Ikani malire a ndalama ndi a masiku kwa munthu aliyense, ndipo tsiku likakwana kumbutsani tsiku lomwelo. Ngongole ikamakalamba, mwayi woti ibwezedwe umachepa.

Ngongole imene mumatenga inuyo ndiyo ifunika kuyang'anitsitsa. Obwereketsa amawerenga chiwongola dzanja m'njira ziwiri, ndipo onse angakuuzeni kuti "24 peresenti pa chaka". Wina amawerengera pa ndalama yotsala: mukabwezako, chiwongola dzanja cha mwezi wotsatira chimachepa. Pa ngongole ya 1,000,000 yobweza m'miyezi 12, njira imeneyi imakudyerani pafupifupi 135,000. Wina amawerengera pa ndalama yonse yoyamba mpaka mwezi womaliza, ngati kuti simunabwezeko kanthu, ndipo pa ngongole yomweyo amatenga 240,000. Mukaiyeza pa sikelo ya woyamba uja, ngongole yachiwiriyi ili pafupi ndi 42 peresenti. Choncho musafunse peresenti. Funsani kuti, "Ndikalandira m'manja zingati, ndipo ndikamaliza ndidzakhala nditabweza zingati zonse pamodzi?" Funso limeneli limakokolola ndi ndalama zolipirira mafomu zimene amadula musanalandire. Ndipo nthawi yobwezera ifanane ndi moyo wa chimene mukugula. Makina a zaka 5 ogulidwa ndi ngongole ya miyezi 3 amatsamwitsa bizinesi, ngakhale makinawo akhale abwino bwanji.

Zoti munyamule nokha, ndi zoti musenzetse ena

Ngozi za bizinesi zili m'magulu awiri. Zina zimabwera kawirikawiri koma n'zazing'ono: galasi losweka, katundu pang'ono woonongeka, mlungu umodzi wopanda makasitomala. Zina zimabwera mwina kamodzi pa moyo, koma zikabwera zimatseka chitseko: moto, madzi osefukira, mlandu wa munthu amene wavulala pamalo panu, matenda okugonekani miyezi 6. Gulu loyamba munyamule nokha ndi thumba la padera. Mulingo wabwino woyambira ndi ndalama zokhazikika za miyezi 3, zimene pa chitsanzo chathu chija ndi 900,000, zosungidwa poti mungazitenge msanga koma posiyana ndi akaunti ya tsiku ndi tsiku. Gulu lachiwiri ndilo la inshuwalansi. Anthu ambiri amachita motembenuza: foni ali nayo pa inshuwalansi, koma nyumba yosungira katundu wa mpamba wonse ilibe.

Inshuwalansi ya moto inabadwa chifukwa cha ngozi ya gulu lachiwirili. Moto wa ku London wa mu 1666 unatentha nyumba zoposa 13,000, ndipo m'zaka zotsatira Nicholas Barbon anayambitsa kampani yolandira kandalama kochepa kwa eni nyumba ambiri kuti ilipire ochepa amene nyumba zawo zidzapse. Mpaka lero mfundo yake ndi yomweyo. Chaka chikatha popanda ngozi, ndalama yanu sinatayike. Yalipira mnzanu amene tsoka linamugwera chaka chimenecho.

Pa mitundu yonse, imene ndimaona kuti imanyozedwa mopanda chifukwa ndi yoteteza ku milandu. Katundu wanu ali ndi malire: akapsa yense, mwataya mtengo wake basi. Mlandu ulibe malire oterowo. Kasitomala akaterereka pansi ponyowa n'kuthyoka msana, kapena waya amene munalumikiza m'nyumba ya munthu akayambitsa moto, khoti limayang'ana kukula kwa chovulala chake, ndipo kuchepa kwa bizinesi yanu sikulowamo. Inshuwalansi yotchedwa public liability imalipira zovulala ndi zoonongeka za anthu ena pamodzi ndi maloya. Amene amagulitsa nzeru, monga owerengera ndalama, ojambula mapulani ndi alangizi, amafunika ina yotchedwa professional indemnity, yolipira kasitomala akaluza ndalama chifukwa cha kulakwitsa kwawo. Yachiwiriyi ili ndi kamsampha: kawirikawiri imalipira dandaulo limene lafika pamene inshuwalansiyo ikugwira ntchito, posatengera chaka chimene ntchitoyo inachitika. Mukaisiya lero, dandaulo la ntchito ya chaka chatha likafika mawa mulibe chotchinga. Ngati muli ndi antchito, m'maiko ambiri lamulo limakakamiza kuwateteza pa ngozi za pa ntchito, ndipo chimenecho mufunse ku ofesi yoona za ntchito musanalembe munthu woyamba.

Kwa munthu wodzilemba yekha ntchito, makina aakulu ndi thupi lake. Telala akathyoka dzanja, sitolo ili bwinobwino koma ndalama yaima. Pali inshuwalansi yolipira ndalama ya mwezi ndi mwezi pamene simungathe kugwira ntchito. Powerenga pangano lake yang'anani zinthu ziwiri: masiku odikira asanayambe kulipira, ndiponso tanthauzo la "kulephera kugwira ntchito". Pangano lina limalipira mukalephera ntchito yanu yeniyeniyo. Lina limalipira pokhapokha mukalephera ntchito ina iliyonse, ndipo telala uja akhoza kuuzidwa kuti ulonda angathe. Masiku odikirawo ndi amene thumba la miyezi 3 lija limakwirira.

Msampha wa kuchepetsa mtengo

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira mwakachetechete. Mwini sitolo ali ndi katundu wa 10,000,000. Pofuna kuchepetsa premium, ndalama imene amalipira ku kampani chaka ndi chaka, amalembetsa kuti katundu wake ndi wa 6,000,000. Maganizo ake ndi akuti moto sungatenthe zonse, ndipo ngati kuonongeka sikupitirira 6,000,000 adzalipidwa mokwanira. Moto ukubwera, ukutentha katundu wa 4,000,000. Iye akuyembekezera 4,000,000.

Alandira 2,400,000. Mapangano ambiri a inshuwalansi ya katundu ali ndi ndime yotchedwa average, yonena kuti ngati munateteza gawo chabe la mtengo weniweni, kampani idzalipira gawo lomwelo pa chiwonongeko chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono. Iye anateteza 6 pa 10 aliyense, choncho alipidwa 60 peresenti ya 4,000,000. Gawo linalo amatengedwa kuti anasankha kulinyamula yekha. Pa 2,400,000 pajapo achotsanso excess, ndalama yoyamba imene mwini amadzilipirira pa ngozi iliyonse. Ikakhala 200,000, m'manja mufika 2,200,000. Wataya 1,800,000, ndipo 1,600,000 mwa ndalama imeneyi yapita chifukwa chofuna kupulumutsa kandalama ka premium. Ndimeyi ingaoneke yankhanza, koma ili ndi chifukwa: kampani inalandira malipiro a katundu wa 6,000,000 pamene moto unali ndi mpata wogwira paliponse pa katundu wa 10,000,000.

Choipa kwambiri n'chakuti munthu amagwa mu msamphawu osanama n'komwe. Munalembetsa mtengo woona zaka 3 zapitazo, mitengo yakwera, bizinesi yakula, koma chaka chilichonse mumangosainira pepala lomwe lija. Kapena munalembetsa katundu wa mwezi wamba, moto n'kubwera m'nyengo imene mwadzaza sitolo kuwirikiza kawiri. Choncho mtengo wolembetsa uchokere pa kuwerenga katundu kwa mwezi umene mumakhala naye wambiri, ndipo uunikidwenso chaka chilichonse komanso nthawi iliyonse mukagula chipangizo chachikulu. Mukafuna kuchepetsa premium, njira yabwino ndi kuvomera excess yokwererapo imene thumba lanu la padera lingakwanitse. Mtengo wa katundu usakhudzidwe.

Funsaninso ngati adzalipira mtengo wa chinthu chatsopano kapena wa chakale. Mfundo ya inshuwalansi ndi kukubwezerani pamene munali, popanda kukulemeretsani, ndiye ngati pangano silinena mwina, firiji ya zaka 6 amailipira ngati firiji ya zaka 6. Kuti mulandire yogulira yatsopano, pangano linene zimenezo, ndipo mtengo wolembetsa ukhale wa yatsopano. Katundu wogulitsa amamuwerengera pa mtengo woodera. Phindu limene mukanapeza sililowamo.

Phindulo lili ndi inshuwalansi yakeyake, business interruption, yolipira ndalama zokhazikika ndi phindu lotayika pamene bizinesi yatsekedwa. Kawirikawiri imadzuka pokhapokha ngati pali chinthu chogwirika chimene chaonongeka ndi ngozi yotetezedwa. Mabizinesi ambiri anadziwira izi mu 2020, pamene anatsekedwa chifukwa cha Covid-19 popanda khoma logwa kapena denga lopsa. Ku Britain nkhaniyi inafika mpaka ku khoti lalikulu la Supreme Court, limene mu Januwale 2021 linagamula mokomera eni mabizinesi ambiri, koma makamaka amene mapangano awo anali ndi ndime zotchula matenda kapena kutsekedwa ndi boma. Chinagamula mlandu chinali mawu a m'pangano. Posankha nthawi yolipiridwa, ambiri amatenga miyezi 12, osawerengera kuti kupeza chilolezo, kumanganso, kuitanitsa makina ndi kubweza makasitomala amene anazolowera kwina kungatenge nthawi yoposa pamenepo. Ndipo kuti atsimikize phindu limene mwataya, adzafunsa kabuku komwe kaja.

Zimene munanena, ndi zimene simunanene

Kampani imaika mtengo potengera zimene mwaiuza, choncho mumayenera kunena chilichonse chimene chingasinthe maganizo ake. Mfundo imeneyi inamveketsedwa ndi woweruza Lord Mansfield mu 1766, pa mlandu wa Carter ndi Boehm wokhudza linga la pa chilumba cha Sumatra, ndipo iye ananena kuti udindo wonena zoona umagwira mbali zonse ziwiri. Malamulo a maiko asintha mwina ndi mwina, koma kubisa kukadali njira yachidule yoti akukanireni. Zobisika zake nthawi zambiri n'zooneka zazing'ono: kuti akuba anathyolapo kale, kuti kuseri mumasunga petulo kapena gasi, kuti kampani ina inakukanani. Galimoto yolembetsedwa kuti ndi ya maulendo a banja ikachita ngozi itanyamula katundu wa malonda, akhoza kukana kulipira. Inshuwalansi ya nyumba yogona nayo siteteza makina ndi katundu wa bizinesi ngati simunawatchule. Ejenti akamakudzazirani fomu, werengani yankho lililonse musanasaine, chifukwa siginecha ndi yanu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: mawu amene simukuwamva funsani, ndipo yankho mulipemphe molemba.

M'pangano mulinso zimene munalonjeza kuchita, ndipo zimakhala kumasamba akumapeto kumene anthu safikako. Zozimitsira moto zikhalepo ndipo zizipimidwa pa nthawi yake. Alamu iziyatsidwa potseka. Katundu akhale pa mathandala okwera kuchoka pansi. Ndalama yogona ikhale mu sefa, ndipo kiyi wake asagone m'nyumba yomweyo. Inshuwalansi ya kuba nthawi zambiri imafuna chizindikiro choti wakuba anathyola polowa kapena potuluka. Chitseko chikaiwalika chosakhoma, kapena katundu akamasowa pang'onopang'ono m'manja mwa wantchito, imeneyo ndi nkhani ina yofuna inshuwalansi ina, fidelity guarantee. Katundu ali pa msewu nayenso satetezedwa ndi pangano la sitolo. Pomaliza, premium ilipiridwe pa tsiku lake, ndipo lisiti ikhale ya kampani yeniyeniyo. Musanapereke ndalama, tsimikizani ku bungwe la boma loyang'anira inshuwalansi kuti kampaniyo ndi ejentiyo ali ndi chilolezo.

Tsoka silinunkha, ndiye ndondomeko ya tsiku la ngozi muidziwiretu. Anthu akapulumuka, jambulani zonse musanasunthe kanthu. Dziwitsani apolisi ngati ndi kuba kapena moto, ndipo mutenge lipoti kapena nambala yake. Dziwitsani kampani tsiku lomwelo molemba, chifukwa mapangano amaika malire a masiku, ndipo kuchedwa kokha kungakhale chifukwa chokanira. Tetezani zotsala kuti zisaonongekenso, monga kufolera denga ndi kukhoma chitseko chothyoka, n'kusunga malisiti a zimenezo. Zopsa ndi zosweka musataye wodzayeza uja asanazione. Ngati wavulala ndi munthu wina, m'thandizeni kupita kuchipatala, koma musalembe kapena kulonjeza kuti mlandu ndi wanu ndipo mudzalipira, chifukwa mapangano ambiri amaletsa kuvomera mlandu kampani isanalole.

Wodzayezayo amalipidwa ndi kampani, ndipo nambala imene watchula koyamba mukhoza kuitsutsa ndi mapepala anu: kuwerenga katundu kwa mwezi watha, kuphatikiza zimene mwaoda kuchokera pamenepo, kuchotsa zimene mwagulitsa, zonse pa mtengo woodera. Chotsalacho ndi katundu amene analipo usiku wa motowo. Akakana kulipira kapena akadula, pemphani chifukwa chake molemba pamodzi ndi nambala ya ndime imene atsamira, kenako mudandaule ku kampaniyo, ndipo zikakanika ku bungwe loyang'anira lija. Pepala lomaliza limene adzakupatseni limanena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu pa ngozi imeneyi. Ngati pali gawo limene mukutsutsabe, pemphani kuti alipire kaye gawo limene mwagwirizana, ndipo pepala limenelo lidikire.